Chipatala cha pakhonde la a Gerevazio

Fiona ankasenda mbatata ya kachewere pakhonde ngati munthu amene wauzidwa kuti akamaliza amupatsa ntchito ina. Mbatata imodzi ankaizunguliza m'manja, kuisenda pang'onopang'ono, kuikolowola timaso, kenako n'kuiponya m'beseni la madzi ozizira a ku Lobi, aja oumitsa zala mwezi wa Juni. Koma maso ake sanali pa mbatata. Anali pa mapazi a bambo ake.

A Gerevazio anali pampando wandalema, atavula nsapato za ku tchalitchi chifukwa zinkawathina. Mapaziwo anali otupa mpaka kunyezimira. Fiona anali dokotala wa matenda a m'kati mwa thupi pachipatala china ku Lilongwe, ndipo mapazi otere ankawaona tsiku ndi tsiku: BP yolekereredwa, mtima wotopa, impso zoyamba kugonja. Chomuzunguza mutu chinali chakuti mapiritsi ankawatumizira mwezi uliwonse osaphonya, ndipo pafoni bambo akewo ankangoyamikira kuti ndi mankhwala amphamvu zedi.

Azakhali ake, a Bernadetta, anatuluka m'nyumba akupukuta manja pachitenje.

"Ndiye iwe Fiona, mpaka lero sunang'ambeko munthu ngakhale mmodzi?"

"Ayi azakhali, opaleshoni si mbali yathu. Ife timafufuza matenda n'kupereka mankhwala."

"Zaka zonse zija kusukulu, kukaphunzira kufunsa munthu kuti wagona bwanji? Zimenezo bwenzi nditakuphunzitsa ine pompano, ulere."

Fiona anamwetulira n'kutola mbatata ina. Kuyambira ali mwana, mawu ake ankathera pakhosi. Kuchipatala ankadzudzula odwala osamwa mankhwala, koma akangotsika minibasi kwawo kuno lilime linkabwerera ku sitandade wani.

Posakhalitsa anthu ochokera ku Misa anayamba kukhotera pakhomopo. Woyamba anali a Alufeo, anansi awo, atagwira chipumi. Fiona anaika mpeni pansi, poganiza kuti abwerera iye.

"Mwafika, adokotala? Ku Lilongwe ali bwanji?" anatero a Alufeo, n'kumudutsa ngati mtondo wosinjira, kukakhala pafupi ndi a Gerevazio. "Achimwene, mutu uja wayambiranso. Ukugunda ngati muli chigayo."

A Gerevazio anagwedeza mutu mwaukatswiri. Anapisa dzanja m'thumba la jekete n'kutulutsa kapepala ka pulasitiki ka mapiritsi kamene Fiona anakazindikira nthawi yomweyo, chifukwa dzina limene linali pamenepo analilemba ndi Fiona yemweyo.

"Tengani tiwiri toyerati. Kena mumwe pano, kena mukadya. Koma osatsirira kachasu pamwamba."

"Ine andithandiza ndi aja okodzetsa," anatero a Bernadetta monyadira. "Thupi limachita kupepuka. Mwana wa a Zikhalonso anamwa pamene ankalemba mayeso."

Anadza wina wa msana, analandira. Anadza mayi wina wodandaula kuti amuna awo sagona tulo, anawatengera. Panalibe kuyeza, panalibe mzere wautali, panalibe namwino wolusa. Kunena zoona, chinali chipatala chimene boma likanachita nacho nsanje.

"Ababa," anatero Fiona motsitsa mawu, anthu atachepako, "nanga inuyo mumamwa liti?"

"Akatsala, mwana wanga."

"Amatsala?"

"Nthawi zina." A Gerevazio anaseka, kenako anapuma kaye chifukwa kusekako kunawathera mpweya. "Ndiyambe ine kumwa alendo ali pakhomo? Kuti iwe uphunzire, mphakati wathu wonse wa ku tchalitchi unkakupempherera. Lero nditseke chitseko ndizimeza ndekha mankhwala a mwana wa tonse? Anthu anena kuti chiyani?"

Fiona anadziwa zimene anthu adzanene tsiku limene bambo ake adzagwe m'munda wa nyemba mbali imodzi itafa. Adzati anali munthu wabwino, wopatsa. Adzatinso mwana wawo ndi dokotala koma taonani.

Kenako anafika gogo wina wowonda ngati phesi, mayi awo a Ezara katekisiti, akuyenda chogwira khoma.

"Chizungulire, bambo a dokotala. Dzulo ndinagwa pamtondo. Aja munandipatsa aja atha."

"Ndiye kuti anachepa mphamvu," anatero a Gerevazio. "Lero tiwonjezera."

Fiona anaona mapiritsi otsitsa BP akugwera m'dzanja la munthu amene BP yake inali kale pansi, moti ngakhale kuimirira ankachita kupempha. Sanadziwe kuti wadzuka nthawi yanji. Anangopezeka wagwira dzanja la gogoyo, watola mapiritsiwo, ndipo kapepala kaja kali m'manja mwake. A Bernadetta anagwira pakamwa.

"Iwe Fiona, bambo ako ukuwalanda zinthu pamaso pa anthu?"

Fiona anatembenukira kwa gogo uja.

"Agogo, chikukugwetsani ndi mankhwala omwewa. Musamwenso, ndipo ndikuyezani musanapite. Ababa, pepani, chipatala chanu n'chabwino, odwala akuchiyamikira, koma ndachitseka lero. Mankhwalawa si chimanga chokazinga choti aliyense atapeko. Ndinalembera munthu mmodzi, ndipo m'mudzi monse muno ndi yekhayo amene sakumwa. Mawa m'mawa tikwera minibasi, tikayezetse mtima ndi impso ku Boma. Mukakana, palibe vuto. Azakhali akauze akwaya ayambiretu kukonzekera nyimbo za maliro, ndipo inu a Alufeo, poti mumacheka matabwa kuphiri, mutisungireko osalala bwino, aatali ngati bambo angawa."