Mafuta a Mandasi pa Msewu wa Kokomo

Bambo Lyson a ku South Bend ankadzitama ndi zinthu ziwiri: pikiapu yawo ya dizilo, ndi mafuta amene ankaimwetsa. Ankatolera mafuta okazingira otha ntchito, a mandasi kwa amayi a kutchalitchi, a nkhuku ku lesitilanti ina ya m'tauni. Akawasefa, ankawaphika ndi mankhwala m'galaja mpaka asanduke bayodizilo. Galimotoyo ikadutsa, msewu wonse unkanunkhira mandasi.

"Chichokereni Pasaka sindinaimepo pa pampu," ankauza aliyense, wofunsa ndi wosafunsa yemwe.

Mu Januwale munali chinkhoswe cha Ida, mwana wa mlongo wawo, ku Lawrence ku Indianapolis. Mlongoyo anali ataimba foni kuchokera ku Dedza. "Achimwene, ine kumeneko sindifikako. Nkhoswe ya mwanayu ndinu." Choncho mtondo, lichero, mthiko ndi thadzi lamoyo limene anakagula kwa mlimi wina wa mpingo wa Chiamishi, zonse zinali m'manja mwawo. Mwambo unali wa Loweruka, thwelofu koloko.

M'mawa wa Lowerukalo kunja kunali chisanu cholasa m'mafupa. Akazi awo, a Lucia, anaima pakhomo la galaja atavala kale chitenje cha yunifomu.

"Bambo a Belinda, thiraniko dizilo wa pa pampu lero lokha. Mumanena nokha kuti anuwa amaundana kukazizira."

"Amaundana a anthu osadziwa kusefa."

Ankadziwa bwino kuti nyengo yachisanu amafunika kusakaniza. Koma ankafuna kuti akafika akauze akuchimuna kuti mamailosi onsewo ayenda ndi mandasi okhaokha.

Galaja inali yofunda, ndipo pikiapu inalira bwino. Anadutsa Plymouth, anadutsa Rochester, thadzi lili phee m'katoni pamiyendo pa a Lucia. Atayandikira Kokomo, injini inatsokomola kawiri, mphamvu n'kuyamba kuithera. Anaipatutsira m'mbali mwa msewu, n'kuzima.

 A Lucia anangofunditsa nkhuku ndi mpango wawo.

A Lyson anatsika ndi suti yawo, n'kumasula fyuluta zala zitachita dzanzi. Mkatimo munali phala loyera, lolimba ngati majarini a mufiriji. Analikokota ndi mpeni, lina n'kugwera pa jekete. Anapemerera paipi ndi mpweya wa m'kamwa. Mathiraki ankangodutsa n'kuwawaza madzi a mchere umene amathira pamsewu kuti usaundane.

"Muimbireni Kenan," anatero a Lucia atatsitsa windo pang'ono.

Kenan anali mng'ono wa a Lyson, amene anagona kale ku Lawrence. Ndi yemweyo amene a Lyson anamuseka pa Khirisimasi kuti ndi kapolo wa pampu.

"Ingolira pompano," anatero a Lyson.

Inakwana leveni. Foni inalira katatu m'thumba, iwo osayankha. Itakwana thwelofu anamuimbira okha Kenan.

"Achimwene, muli kuti? Akuchimuna akhala kale, tambala wawo akulira m'holo muno."

"Tili cha ku Kokomo. Yangovuta pang'ono."

"Mandasi aja aundana?"

Kumbuyo kwa Kenan wina anaseka. A Lyson anayang'ana nsapato zawo.

"Holoyi atipatsa mpaka fo koloko," anatero Kenan, mawu atafewa. "Ndituma Jabulani adzakutengeni. Koma achemwali ali pa vidiyo, akuti mwambo usaime."

Jabulani, mnzake wa Kenan, anafika cha m'ma wani koloko. Pikiapu anaisiya pomwepo kudikira woikoka. A Lyson anakhala kumbuyo atakumbatira mtondo, ndipo m'galimoto yofundayo jekete lawo linayamba kununkha nkhuku yokazinga.

Analowa m'holo itadutsa hafu pasiti thuu. Kutsogolo Kenan anali ataima ndi nkhoswe ya kuchimuna, atagawana kale nkhuku yowotcha, akupukuta m'manja. Zaunkhoswe zinali zitatha. Kuyambira tsikulo, Ida akadzakhala ndi nkhani m'banja, khomo lokagogoda linali la Kenan.

Anthu anawapatsa njira mwaulemu, ndipo ulemuwo unawawa kuposa kuseka. Ida anabwera ndi foni, n'kugwada.

"Amalume, amayi akufuna akuoneni."

Nkhope ya mlongo wawo inadzaza kagalasiko. Anawayang'ana nthawi yaitali, kuyambira pa tayi mpaka pa banga la mafuta.

"Mwafika, achimwene?"

"Ndafika. Galimoto sinalakwe, mlongo wanga. Ndinauzidwa, sindinamve."

"Chabwino. Thadzilo mupatseni Kenan apereke, anthu akudikira."

A Lyson analandira katoni ija kwa a Lucia, n'kuyenda nayo pakati pa mipando mpaka kutsogolo. Anaipereka kwa mng'ono wawo ndi manja awiri. Kenaka anakafuna mpando kumbuyo, pafupi ndi pamene anthu anakoleka majekete.