Tsamba Losadyedwa M'thumba la Amayi

"Iwe Argiro, ukudula kapena ukuzula? Ngakhale mbuzi imadya mwaulemu kuposa pamenepo!"

Amayi anandikalipira ali chiweramire pansi pa mtengo wa azitona, kampeni kali m'manja. Mvula yoyamba ya Okutobala inali itagwa, ndipo radiki, ndiwo yathu yowawa ija, anali atamera phiri lonse, masamba ake a manomano atayala pansi. Kwathu sitizula muzu. Umalowetsa mpeni pang'ono m'dothi n'kudula pakhosi mopendeketsa kuti aphukenso. Amayi ankadula kamodzi kokha, pamene ine ndinkacheka ngati ndikucheka chingwe.

Achimwene anga a Manousos anaima pamsewu kuopa kudetsa nsapato. Anali atabwera kuchokera kumzinda wa Chania ndi nkhani imodzi: amayi akakhale kunyumba yosungirako okalamba. Zoona, amayi anali atayamba kuiwala. Tsiku lina anapsereza mphika mpaka kuboola, tsiku lina anaitana wansembe ndi dzina la malemu bambo athu. Koma ine ndinkakana kwamtuwagalu. Munthu wodziwa tsamba lililonse la m'phiri muno mutu wake uli bwino, ndinatero, ndipo ndinawakoka achimwenewo kuti adzaone ndi maso awo.

"Nanga iwe bwana, waima ngati mtengo wa magetsi bwanji?" amayi anakuwa. "Chimimba chimenecho chikufuna radiki. Amatsuka chiwindi, amatsitsa shuga. Bambo ako ankamwa madzi ake chaka chilichonse."

"Koma anamwalirabe, amayi."

"Anamwalira ndi chiwindi cha khanda! Funsa adokotala."

Achimwene anaseka mpaka kugwira mimba ija. Mtima wanga unayera. Ndinati basi, nkhani yatha.

Titafika kunyumba amayi anakagona pang'ono, ine n'kukhuthulira matumba m'beseni pabwalo. Radiki amasunga dothi, amafuna kumutsuka mobwerezabwereza. Thumba langa linali bwino. M'thumba la amayi dzanja langa linagwira tsamba lina, lalikulu, lobiriwira moderako, lamakwinya. Ndinalidziwa ndisanalitulutse m'madzi. Anali mandragora, chitsamba chimene chimachititsa munthu misala, nthawi zina n'kumupha. Ndili mwana amayi omwewa anandimenya pakadzanja chifukwa chongochikhudza.

Ndinafufuza, ndipo ndinapeza ena. Silinali limodzi lokha ayi.

Ndinayang'ana kukhomo, achimwene ali pafoni atandifulatira, ndipo masambawo ndinawakankhira m'thumba la epuloni. Otsalawo ndinawasankha limodzilimodzi, misozi ikugwera m'beseni. Ndinali wokwiya, osadziwa woti ndimukwiyire.

Ndinawiritsa radiki, n'kuthira mafuta a azitona ndi ndimu. Madzi ake ndinawathira m'matambula monga mwa masiku onse. Amayi anakhala pamalo pawo, tsitsi atapesa bwino, akuyang'anira pakamwa pa mwana wawo wamwamunayo.

"Mchere wachepa," anatero, "koma sungaphunzitse munthu wa zaka zimenezi."

"Mwina ndinafulumira, mlongo," achimwene anandiuza motsitsa mawu. "Tidikire kaye mpaka Pasaka."

Pamenepo ndinawerama kuti ndiwapatsire buledi, ndipo amayi anandigwira epuloni.

"N'chiyani chikusuzumira umu?"

Ndisanayankhe, tsamba linali kale m'manja mwawo. Nkhope yawo inasintha. Anamenya foloko ya achimwene mpaka inagwera pansi.

"Lavula! Manousos, lavula msanga!"

"Ndasankha onse, amayi. M'mbalemu mulibe. Ndalumbira."

"Wadula ndani?"

"Ine. Ndinali pachangu."

Analitembenuza pang'onopang'ono n'kuyang'ana patsinde. Analoza ndi chala pamene panadutsa mpeni, posalala, popendekeka.

"Iwe podula umachita kutafuna, mwanawe. Uku n'kudula kwanga."

Amayi ananyamula mbale yonse, n'kutuluka nayo kuseri kwa nyumba. Tinamva khasu. Anakwirira ndiwo zonse kuti nkhuku zisatole, ngakhale ndinali nditawauza kuti zilibe kanthu. Atabwerera anasamba m'manja nthawi yaitali, kenako anakhala pansi.

"Manousos, kumalo kwakoko amaphika okha eti?"

"Inde amayi."

"Sadzandituma ndiwo?"

"Ayi."

"Ndiye tipite mawa." Ndinatsegula pakamwa koma anandiloza. "Iwe khala chete. Kuiwala dzina la wansembe si kanthu, ngakhale mkazi wake amaliiwala. Koma sindinabereke ana kuti ndidzawaphe ndi ndiwo."

Madzulo amenewo analongedza okha. Anapinda madiresi awo akuda, anandiuza nkhuku yoyenera kupha ndi yoyenera kusiya, anapita kukatsazika anansi. Sanalire. Amene ankalira anali achimwene, ali m'khola la mbuzi, poganiza kuti sitikuwamva. Ine sindinamvepo kuwawa kotero chibadwire, ngakhale tsiku limene tinaika bambo.

Usiku kunagwanso mvula. M'mawa sutikesi ili kale m'galimoto, amayi anatuluka atavala jombo zawo za kumunda, nkhope ikuwala.

"Mwaona mmene yagwera? Lero radiki achita kutipempha yekha. Eee, mpaka bwana watitengera galimoto! Argiro, fulumira, anzathu atitsogolera."

Achimwene anandiyang'ana. Ndinafuna kuwakumbutsa amayi zimene ananena dzulo, koma ndinangowatsegulira chitseko chakutsogolo, n'kuwamanga lamba.

Tinatsika phiri ine ndili kumbuyo. Amayi anatsitsa galasi n'kutulutsa mutu, maso ali m'mphepete mwa msewu.

"Yendetsa pang'onopang'ono, iwe," anatero. "Taona apo, taona mmene wamerera. Ima apa. Manousos, wapitirira. Ndati wapitirira, mwana wanga."