Masilipasi a Bwana Wanga

Tinapita mwadzidzidzi kukayeza utsi wa mtovu pafakitale ya zipolopolo, ine ndi bwana wanga, a Pyeon. Tinapeza chumuni chili zii.

"Ng'anjo idafa dzana, mayi," anatero a Seok, mkulu wa fakitale, akumwetulira.

Ndinaigwira ng'anjoyo. Inandiotcha chala.

"Wakutsinani khutu ndani?" ndinafunsa.

"Eun-sil, ulemu!" a Pyeon anandidzudzula. "Tonsefe n'koyamba kufika kuno. Tiyambe tamwa tiyi."

Pakhomo la ofesi tinavula nsapato. Ine anandipatsa masilipasi a alendo. A Pyeon, osayang'ana n'komwe, anapisa dzanja kuseri kwa kabati n'kutulutsa akuda, otha kuchidendene.

"Komatu akukwanani, bwana," ndinatero.

Palibe anaseka.