Silinda ya Weston

Nthawi inali itangodutsa kumene 2 koloko masana. Mitambo yakuda inali itaunjikana cha ku Likuni kwa tsiku lachitatu osagwetsa ngakhale dontho, ndipo ku Mchesi kunalibe ndi kamphepo komwe. Malata a shedi ya a Gilford ankachita kuthetheka okha ndi kutentha.

A Gilford anali wowotcherera zitsulo. Masana amenewo anali atawerama pa geti la munthu wina wa ku Area 25 pamene njinga yamoto inaima pakhomo pa shediyo. Woyendetsayo sankamudziwa. Koma amene anatsika kumbuyo anali mwana wawo Tiwale, atafukata chinthu chachitali chokulungidwa m'chiguduli.

Tiwale anali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo anali ataphunzira za ulimi wa nsomba. Chaka chonsecho mtima wake unali pa chinthu chimodzi: kuphunzira kulowa pansi pa madzi atabereka silinda ya mpweya, chifukwa oweta nsomba m'zikwere za kunyanja amafuna anthu otsika kukaona maukonde. Sukulu zake zinali kunyanja komweko, ndipo azakhali ake, a Jenifer a ku Nkhata Bay, anali atavomera kale kumusunga. Koma a Gilford anakana kawiri konse. Mng'ono wawo Medson anatsikira m'chitsime china ku Chinsapo kuti akachotse matope, mpweya woipa n'kumuphera pansipo. Amene anakoka chingwe tsiku limenelo anali a Gilford. Nkhaniyi sankaikamba, ankangoti, "Mwana wa ku Lilongwe akafunenji pansi pa madzi?"

"Adadi, awa ndi a Weston," anatero Tiwale, maso ali pansi. "Ndi amene akutiphunzitsa."

"Akukuphunzitsani chiyani?"

"Zolowa m'madzi, madala," anayankha yekha Weston, akuvula chipewa cha panjinga. Anali munthu wamsinkhu wapakati, woseka msanga. "Ndagwirapo pa loji ina kunyanja zaka zisanu ndi chimodzi. Itatsekedwa anandisiyira zida. Ndiye ndinati, ana a m'tauni alakwanji? Nyanja ili kutali, koma madzi tili nawo konkuno."

"Kuti?"

"Kudzenje la kwale, kuseri kwa Chinsapo."

A Gilford ankalidziwa dzenjelo. Anthu anaswamo miyala kwa zaka zambiri mpaka anakumana ndi madzi, n'kulisiya. Madzi ake anali obiriwira, osagwedezeka, ndipo m'mbali mwake munali mwala woongoka ngati khoma. Kuya kwake palibe ankakudziwa.

"Mpaka pano tangoyeserera m'mphepete, ndi magalasi okha," anatero Tiwale mofulumira. "Loweruka ndiye tikutsika. Ine ndi amene ndikuyamba. Chatsala ndi mpweya basi."

Anavundukula chigudulicho. Inali silinda yachitsulo, yachikasu, penti yake itakanganuka m'malo ambiri. Weston analoza ndi mlomo silinda yaikulu yakuda imene inaimikidwa pakona ya shedi, ya okosijeni wowotcherera.

"Mungotigawirako pang'ono, madala. Kapaipi kolumikizira ndasula kale."

"Ndinawerenga kuti amagwiritsa ntchito mpweya wamba, wopopedwa ndi makina ake," anatero Tiwale, ngati akudziyankhulira. "Ati okosijeni yekhayekha pansi kwambiri amakomola. Koma makinawo kuno kulibe."

"Za pafoni zimenezo, sisi," Weston anaseka. "Okosijeni ndi moyo. Ngakhale kuchipatala amapatsa amene akutsirizika, n'kudzuka. Ndiye akomole iwe, wadya bwinobwino?"

A Gilford anayandikira silinda yachikasuyo. Za pansi pa madzi sankazidziwa, koma masilinda anakalamba nawo. Anaitenga n'kuigoneka pa benchi. Anapukuta pakhosi pake ndi kansanza mpaka manambala odindidwa pachitsulo anaoneka. Inayesedwa komaliza mu 2009, Tiwale ali Sitandade 2. Kenako anayendetsa chala chachikulu pa valavu yotsegulira mpweya. Chalacho chinabwerako chakuda, chonyezimira.

"Ichi n'chiyani, achimwene?"

"Girisi. Inkalimba potsegula, ndiye ndinaipaka."

Kutali, cha ku Likuni, kunagunda bingu lopanda mvula. Mu mzere wonse wa mashedi a ku Mchesi munalibe wowotcherera ngakhale mmodzi amene sankadziwa kuti okosijeni wa m'silinda ndi girisi sizionana. Zikakumana moto wake sudikira machesi. A Gilford anayang'ana chala chawo, kenako anayang'ana chifuwa cha mwana wawo, pamene silindayo inatsamira ulendo wonse wa panjinga, ndi msana umene ikanagonapo Loweruka.

Anatsegula valavuyo. Kunangotuluka kampweya kofooka, konunkha ngati mgolo wakale, n'kutha. Anaimanga silindayo pa vayisi yopanira zitsulo, n'kutenga sipanala yaikulu.

"Madala, mukutani kodi?"

"Ndikuona m'mimba mwake. Sindithira kanthu m'chinthu chimene sindinachione m'kati."

Valavu inakana, inakana, kenako inalira n'kumasuka. A Gilford anazondotsa silindayo pa simenti. Munatuluka madzi ofiirira okwana theka la kapu, ndipo pambuyo pake panagwa zibenthu za dzimbiri, zina zazikulu ngati chikhadabo. Anaigogoda ndi sipanala cha kumunsi. M'malo molira ngati belu, inangoti phu.

Tiwale anagwada n'kutola chibenthu chimodzi. Chinafumbutuka m'zala zake.

"Zonse zimatero," anatero Weston. "Kungotsuka basi. Bweretsani kuno."

A Gilford anaibwezera pa vayisi, anatsitsa magalasi awo kumaso, n'kuyatsa galayinda yodulira zitsulo. Weston anakuwa, koma mawu ake anamira m'phokoso la chitsulo. Sipanatenge nthawi. Tako la silindayo linagwa pansi n'kugubuduka mpaka pa phazi la Tiwale. Mbali imodzi, kumene madzi ankagona zaka zonsezo, chitsulo chinali chitadyeka mpaka kupyapyala ngati cha chitini cha sopo.

M'mashedi oyandikana nawo nyundo zinali zitaleka, anthu akusuzumira.

Weston sanakalipe monga a Gilford ankayembekezera. Anayang'ana zidutswa ziwirizo, n'kumwetulira pang'ono, n'kuvala chipewa chake.

"Palibe kanthu, madala. Ndili nayo ina kunyumba. Owotcherera si inu nokha mu Lilongwe muno." Anatembenukira kwa Tiwale. "Sisi, tiye. Loweruka ndi Loweruka. Ukazengereza, anzako awiri aja akudikira malo ako."

Analiza njinga n'kudikira. Tiwale anaimirira, chibenthu cha dzimbiri chikadali m'manja. Sanapite kunjinga, komanso sanayang'ane bambo ake.

"Adadi," anatero motsitsa mawu, "ine ndinakupemphani sukulu yeniyeni. Kawiri. Kudzenje kuja sindikukondako ayi. Kumanunkha. Koma ndi madzi okhawo amene munandisiyira."

A Gilford anavula magalasi. Anakumbukira Medson ndi kulemera kwa chingwe chija. Anaona kuti chaka chonsechi ankatchinga khomo lakumaso, mwana akutulukira kuseri kumene kunali dzenje. Injini ya njinga inkangogunda pakhomopo.

"Kusukulu kwakoko," anatero, "masilinda awo amawayesa?"

"Amatero."

"Ukafika ukaone pakhosi pake ndi maso ako. Chaka chikakhala chakale, usabereke. Ukaona girisi, ubwere kunyumba." Anapukuta chala chija pa ovolosi. "Aimbire azakhali ako. Uwauze kuti ukwera basi ya Lachisanu."

Tiwale anangogwedeza mutu movomera. Weston anawayang'ana onse awiri, anakweza mapewa, n'kuyendetsa njinga yake pang'onopang'ono kudutsa mzere wa mashedi, akuyang'ana uku ndi uku ngati munthu wosankha nyama pamsika. Pamphambano anakhotera njira ya ku Biwi.

"Anzako awiriwo uli ndi manambala awo?" anafunsa a Gilford.

"Wa mmodzi yekha. Winayo timangomutchula kuti Levi. Sindidziwa kumene amakhala."

"Muimbire amene uli nayeyo. Jambula ichi umutumizire."

Tiwale anajambula tako la silindalo n'kutuluka panja, foni ili kukhutu. A Gilford anaitana Yaseen, wowotcherera wa shedi yoyandikana nayo, n'kumuuza kuti afalitse mawu kwa anzawo a ku Biwi, ku Kawale ndi ku Chilinde: munthu akabwera ndi silinda ya m'madzi, asamuthirire. Yaseen anavomera, koma anawonjeza zimene onse awiri ankazidziwa, kuti tauni ndi yaikulu ndipo mashedi ena sadziwika n'komwe.

Bingu linagundanso, tsopano chapafupi. Loweruka linali litatsala masiku atatu. A Gilford anakankhira zidutswa zachikasu zija pansi pa benchi, anatsitsa magalasi kumaso, n'kubwerera pa geti la ku Area 25, limene linali litatsala mahinjesi awiri.