Chiletso Chosowa Wochilandira

Panali loya wina amene anthu ankangowatchula kuti a Chiletso, chifukwa ukawafikira m'mawa ukulira, pofika masana amakhala atakutengera kale chiletso kukhoti. Ndiye mayi wina wamasiye atalowa mu ofesi mwawo, iwo anaona ngati ndi nkhani ya masiku onse.

Malemu amuna a mayiyo anali kalipentala. Mipando ankapalira kuseri kwa nyumba, koma sitolo yawo inali m'dziko la m'kompyuta, lomwe munthu amalowamo atavala chimagalasi kumaso. Msika wa kumeneko unali wa bungwe la amalonda, ndipo bungwelo linkavota kuti sitolo za anthu omwalira zifufutidwe.

"Mawu awo ali mmenemo, a loya," anatero mayiyo. "Anadzijambula akulonjera makasitomala. Sitoloyo ikapita, ndiye kuti andisiya kachiwiri."

"Musadandaule, mayi. Wapampando wa bungwelo ndani?"

"Palibe."

"Nanga mlembi? Ofesi?"

"Palibenso. Malamulo anawaika m'makompyuta olumikizana ngati unyolo, eni ake amati bulokucheni. Voti ikatha, zimangochitika zokha."

A Chiletso anaseka chikhakhali. Bungwe lopanda mutu? Ngakhale nkhuku ili nawo! Chiletso anakachitenga ndithu, chodinda bwinobwino. Koma pepala la khoti limafuna dzanja loti lilandire, ndipo dzanjalo analisaka mpaka thukuta kamukamu, osalipeza. Basi, anachita zimene loya amachita pa mlandu wa malo: kukaona ndi maso. Mayiyo anabweretsa magalasi, awo ndi a malemu, iwo ndi a loya n'kuvala momwemo mu ofesi.

Abale inu! Kabati ya mafayilo inangoti zii, kusowa. A Chiletso anapezeka ataima pabwalo la msika, mipando ya anthu ovota itasanjikizana kukwera mpaka kosafika maso. Anthu miyandamiyanda, ena a mitu ya mbalame, ena oonekera ngati botolo, aliyense ali ndi kanyali pamutu: kofiira kwa ofuna kufufuta, kobiriwira kwa okana. Kufiira kunali ponseponse. A Chiletso, amene sananjenjemerepo pamaso pa jaji, anagwira pakamwa, mantha ndi kuzizwa zitawagwira pamodzi. Mwachizolowezi anafuna kuwerama, koma anasowa koloza mutu.

"Ndikupempha kuti nkhaniyi iyambe yaima," anatero akugwedeza chiletso chija. Kumeneko pepalalo silinkaoneka n'komwe, anthu ankangoona mkono ukukupiza mphepo.

Wina wa mutu wa kadzidzi anayankha mwaulemu: "Palibe angaimitse, bambo, ngakhale ifeyo. Koma belu lotsekera voti lisanalire, aliyense angathe kusintha voti yake."

A Chiletso anatembenukira kwa mayi uja. Kuvomera kulephera kunawawawa, koma bodza analibe nalo ntchito. "Mayi, malangizo anga ndi awa. Mphamvu zanga zatsalira pakhomo. Majaji ndi onsewa, ndipo mlanduwu ndi wanu. Lankhulani."

Mayiyo sanachulutse gaga m'diwa. Anangotsegula chitseko cha sitolo, mawu a kalipentala n'kumveka bwalo lonse: "Lowani, lowani! Khalani pampando muuyese. Ukalira, mubwere mudzandikalipire."

"Amuna anga amenewo," anatero mayiyo. "Anatisiya, inde. Koma mipando ikupalidwabe. Ndikupala ndine, anandiphunzitsa okha."

Kenaka kumwamba kwenikweni kanyali kamodzi kanasanduka kobiriwira. Kena pambali pake. Kubiriwirako kunatsika mzere ndi mzere, popanda wolamula, popanda womenya tebulo, ndipo a Chiletso anangoti kukamwa yasa. Chiyambireni ntchito anali asanaonepo khoti likusintha mtima iwo akuonerera. Belu linalira zobiriwira zitapambana.

A Chiletso anavula magalasi. Ofesi inali yomwe ija, fani ikuzungulira, tiyi atazizira patebulo. Mayi uja anali asanavule. Anali ataimirira moyang'ana khoma, dzanja atalitambasula, misozi ikutsikira pansi pa magalasi.

"Bambo a kunyumba," ananong'ona, "sitikusamuka."