Kuchulukitsa ndi eyiti

Alamu anga ndi munthu woti akakupatsa madzi akumwa, udzawamva mpaka kumanda. Ndiwo anandipezera ntchito yosamala makompyuta pachipatala chaching'ono pomwe iwo anali mkulu wa zamakina, ndipo ndinkagona kwawo, m'kachipinda ka kuseri. Tsiku silinkatha osandikumbutsa ziwiri zonsezo.

Chipatala chinkasamukira kunyumba yatsopano tsidya la msewu. Zonse zinali zitapita, kupatula seva yakale, kompyuta yosunga zithunzi za ekisileyi za odwala. Imeneyo inali nkhalamba, inkalira ngati chigayo, ndipo tonse tinkadziwa kuti ikangozima sidzadzukanso. Zithunzizo zinayenera kuwoloka kupita ku seva yatsopano pa chingwe cha faiba amagetsi asanadule magetsi folo koloko.

Mmawa ndinawapeza alamu ataima pa kabati ya seva ija, makiyi akupukusa ku chala.

"Magigabaiti 900, chingwe chimatumiza giga imodzi pa sekondi," iwo anatero. "Masekondi 900. Mphindi 15 basi. Tiyamba hafu pasiti fili, tiyambe taika mawaya kwinako."

"Alamu, liwiro la chingwe amaliwerenga m'mabiti, pomwe zithunzizo zili m'mabaiti. Baiti imodzi ndi mabiti eyiti. Chulukitsani ndi eyiti. Ndi maola awiri amenewo."

Amagetsi awiri anali pomwepo akuvula mababu. Alamu anawayang'ana, nkuseka.

"Mwamumva? Wabwera dzana, sopo yemwe amasambira ndi wanga, lero akundiphunzitsa masamu!"

Magazi anandithamangira kumutu. Ndinalemba samuyo kuseri kwa katoni, 900 kuchulukitsa ndi 8, masekondi 7,200, nkuwaikira patsogolo. Anaikankha katoniyo ndi nsapato. Pafomu ya ntchito analemba okha kuti mphindi 15, nasaina ndi mchira wautali uja amanyada nawo. Kenako anakhoma kabati, makiyi m'thumba.

Masana onse ndinakoka mawaya kunyumba yatsopano mtima uli phaphapha. Kawiri ndinawapempha makiyi. Kachiwiriko anandiuza kuti ngati ndatopa ndi ntchito ndinene, ofuna ndi ambiri pageti.

Hafu pasiti fili anadina batani, nakhala pampando mwendo pa unzake. Pa kompyuta, kamzere kobiriwira kosonyeza zomwe zawoloka kanayamba kukwawa. Mphindi 15 zitakwana kanali kasanafike ngakhale kotala. Mwendo uja unatsika.

"Chingwechi chili ndi vuto. Unapukuta bwino kumutu kwake?"

"Chingwe chilibe mlandu. Taonani, chikuthamanga liwiro lake lonse."

Anathamangira panja kukachonderera amagetsi, koma iwo anati lamulo lachokera kwa eni nyumba, ndipo ogumula nyumba yakaleyo ali kale pageti ndi chigalimoto chawo. Folo koloko magetsi anati thii. Seva inalira kamodzi, nkukhala chete. Tinainyamula mpaka tsidya, tinailumikiza, tinadina, tinaipempherera. Zii. Kotala yokha ya zithunzi ndiyo inawoloka. Munthu kumva nkhwangwa ili m'mutu!

Adokotala aakulu, eni chipatala, anatiitanitsa. Tili m'khonde, alamu anandigwira mkono. 

"Mlamu, unene kuti samu unapanga ndiwe. Iwe ulibe mwana. Ine ndili ndi atatu, ana a achemwali ako. Ndidzakupezera pena."

Mlamu! Chaka chonse ndinali "iwe", lero ndasanduka mlamu. Ndinanyansidwa nawo, sindibisa. Koma nkhope za ana aja zinandibwerera, makamaka wamng'ono amene amandidikira pakhomo kuti ndimuthandize homuweki.

Adokotala sanatipatse mpando. Anati mwa zithunzi zotayikazo muli za mayi wina woti achitidwe opaleshoni Lolemba, ndipo wolakwa achoka lero lomwe.

"Anawerengera nthawi ndani?"

"Mtsikanayu," alamu anayankha msangamsanga. "Ine ndinangosaina. Mukudziwa ana a masiku ano, sukulu ya papepala."

Akanangokhala chete, mwina ndikanasenza mlanduwo. Koma "sukulu ya papepala"? Iyayi. Ndinatuluka, ndinawoloka msewu, ndinakatola katoni ija pamulu wa zinyalala, nkudzaiika patebulo la adokotala. Chidindo cha nsapato ya alamu chinali pamwamba pa 7,200.

"Samu yanga ndi iyi. Amagetsi analipo, afunseni."

Adokotala anayang'ana katoni, anayang'ana fomu, kenako anatambasula dzanja. Alamu anavutika kutulutsa makiyi m'thumba. Adokotala anawalandira, nandipatsa ine.

Nditafika kunyumba dzuwa lisanalowe, ndinapeza chikwama changa pakhonde, nsapato zitamangidwa m'jumbo pamwamba pake. Achemwali anaima pakhomo, maso ali psuu.

"Ukanalakwa chiyani kungovomera? Tidya masamu akowo?"

"Achemwali, ndinawauza kuyambira mmawa. Katatu."

"Ndiye wapambana. Pita ukagone m'kabati mwakomo."

Wamng'ono uja anasuzumira kumbuyo kwawo, kope la masamu lili m'manja. Achemwali anamukokera mkati, natseka chitseko. Ndinanyamula chikwama, makiyi akulira m'thumba, osadziwa kuti ndilowere kuti.