Ana Awiri, Nambala Imodzi

Pulogalamu yolembera ana pachipatala chaching'ono pomwe azakhali amagwira unamwino ndinailemba ndine. Ndinapanga chikombole chimodzi chotchedwa Mwana, ndipo khanda lililonse lolembetsedwa linkatuluka m'menemo ndi dzina lake, kulemera kwake ndi nambala yake. Lamulo linali lakuti ana awiri asafanane nambala. Nambalayo ndinkaipanga polumikiza nambala ya mayi ndi tsiku lobadwa la mwana.

Poyamba, nambala ikabwerezedwa, kompyuta inkakana ndi zilembo zofiira. Anamwino ankandiitana anthu onse akumva: "Kachetechete, thamanga, mwana wako wayambanso kulira!" Ine ndinkangofuna kulowa pansi. Ndiye ndinaitseka pakamwa. Ndinaiuza kuti ikapeza nambala yomwe ilipo kale, izingoti ndi mwana yemweyo, ifufute zakale n'kulemba zatsopano.

Lachitatu m'mawa ndinkayerekeza buku la kusikelo ndi kompyuta. M'buku munali ana 23 a dzulo lake, m'kompyuta 22. Ndinatsika ndi chala mzere ndi mzere mpaka chinaima pa mizere iwiri yotsatizana: mayi mmodzi, tsiku lobadwa limodzi. Mapasa. Woyamba makilogalamu awiri ndi theka, wachiwiri anayi. M'kompyuta munatsala mwana mmodzi yekha, wa makilogalamu anayi.

M'bukumo, pambali pa dzina la wochepa thupiyo panali mawu a adokotala: chibayo, abwere mawa kudzabayitsa jakisoni. Mawa lakelo linali lero. Ndipo mlingo wa mankhwala azakhali amautenga pa kulemera komwe kompyuta yawaonetsa.

Ndinatuluka mothamanga, buku lili m'manja. Pabenchi panali amayi mbwee, ana kumbuyo, koma wa mapasa panalibe. Ndinafunsa kwa mlonda.

"Alowa kale," anatero mlonda. "Bwanji, wakumana ndi njoka?"

Chitseko cha chipinda chobayira chinali chotsegula pang'ono. Mayiyo anali atakhala pampando, khanda lina kumsana, lina pamiyendo, kantchafu kake kopyapyala kali pamtunda. Kankapuma mofulumira, nthiti zikulowa ndi kutuluka. Azakhali anali atakweza jakisoni m'mwamba, akuigogoda ndi chikhadabo.

"Azakhali," ndinatero, koma sanandimve. Iwo anapukuta kantchafu kaja ndi thonje.

"Azakhali, musabaye!"

Sindinkadziwa kuti ndili ndi mawu okweza chotere. Khanda la kumsana linayamba kulira.

"Iwe mwana wa achimwene, wapenga?"

Ndinawapatsa buku, chala chili pa mizere ija. "Kulemera kuli m'kompyutako n'kwa mnzakeyo. Ndinalakwitsa ndine."

Anayang'ana buku, anayang'ana jakisoni, kenako anaiika m'mbale pang'onopang'ono. Ananyamula kamwanako okha kupita nako pasikelo.

"Chavuta n'chiyani, anesi?" anafunsa mayiyo.

"Tingomuyezanso, mayi. Khalani kaye."

Masana omwewo ndinasintha nambala kuti mwana aliyense azilandira yakeyake, ndipo ndinabwezeretsa zilembo zofiira zija. Ikakumana ndi nambala yobwerezedwa, iziima, isafufute kalikonse mpaka munthu ataona.

Azakhali anaimirira kumbuyo kwanga, manja atapinda.

"Mapasa amenewa ndi oyamba kulembedwa chiitsekereni kompyutayi pakamwa?"

Anatsegula kabati, anatulutsa mabuku a kusikelo a miyezi isanu n'kuwaunjika patebulo langa. Ndinatsegula loyamba n'kuyamba kufunafuna mapasa ena.